Kampu ya Tenisi mu Lusaka: Kusamala Chilengedwe ndi Kuthandiza Osowa

Kampu ya tenisi ndi maphunziro a masiku ochepa, kawirikawiri sabata imodzi kapena masabata awiri, omwe amasonkhanitsa ana pabwalo limodzi kuti aphunzire masewerowa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Ku Zambia nyengo yake ndi ya holide, pomwe sukulu zimatseka mu Epulo, mu Ogasiti ndi mu Disembala. Makolo amalipira, aphunzitsi amagawa ana potengera msinkhu, ndipo tsiku limatha ndi kuthamanga, kumenya mpira ndi timipikisano ta ana okhaokha.

M'maiko ambiri makampu otere ayamba kulonjeza zinthu ziwiri kuwonjezera pa kuphunzitsa masewero: kusamala chilengedwe ndi kuthandiza osowa. Mu mzinda wa Lusaka ziwirizi zimayendera limodzi. Mpira womwe wapulumuka ku mtaya ndi womwewo umene umafika m'manja mwa mwana yemwe makolo ake sangaugule, ndipo madzi othirira kapinga wa kalabu amatungidwa pansi pomwe pamatungidwanso madzi akumwa a m'komboni.

Komwe kuli mabwalo

Malo omwe tenisi imaseweredwa mu Lusaka amatsata momwe mzindawu unamangidwira. Lusaka inakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, ndipo okonza mapulani ake anagawa malo motengera khungu. Kuzitunda za kum'mawa kwa njanji, komwe pambuyo pake kunakula Woodlands ndi Kabulonga, kunali mapuloti aakulu, mitengo yamthunzi ndi makalabu a azungu. Ku Kabwata kunamangidwa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu ta antchito achikuda. Tina mwa ito tinasungidwa, ndipo lero ndi Kabwata Cultural Village, komwe amisiri amasema ndi kugulitsa ziboliboli. Chelstone, m'mbali mwa msewu wa Great East, ndi dera la nyumba za anthu apakati.

Ufulu wa 1964 unachotsa tsankho la khungu, koma mabwalo sanasamuke. Ambiri adakali m'makalabu akale monga Lusaka Club, m'sukulu zolipira, m'mahotela ndi kuseri kwa mipanda ya kumayadi. Chonsecho ambiri mwa anthu oposa 2 miliyoni omwe kalembera wa 2022 anapeza mu mzindawu amakhala m'makomboni. Kalingalinga ndi Mtendere zinagundizana ndi Kabulonga, Bauleni ili kufupi ndi Woodlands, ndipo Kamanga ili pakhomo pa Chelstone. Mtunda wochokera kukomboni kufika pabwalo ndi waufupi, koma mtengo wa raketi, nsapato ndi umembala wa kalabu ndi umene umatseka chipata.

Kwa zaka zambiri mphamvu ya tenisi ya Zambia inali ku migodi ya ku Copperbelt. Makampani a migodi, ndipo kuyambira 1982 kampani ya ZCCM, ankasamalira makalabu a masewero m'matauni monga Mufulira, Kitwe, Chingola ndi Luanshya, momwe ana a antchito ankasewera popanda kulipira zambiri. M'zaka za m'ma 1990 dzikoli linkapikisana mu Davis Cup ndi osewera monga Lighton Ndefwayi ndi Sidney Bwalya. Migodi itagulitsidwa pakati pa 1997 ndi 2000 thandizo lija linachepa, ndipo mabwalo ambiri anang'ambika n'kumera udzu. Mbiri imeneyi ndi chenjezo kwa kampu iliyonse: masewero odalira thumba limodzi amagwa tsiku lomwe thumbalo latsekedwa.

Mpira ndi moyo wake

Mpira wa tenisi ndi kanthu kopepuka, kolemera magalamu 56 mpaka 59, koma ndiwo gwero lalikulu la zinyalala za masewerowa. Ukadulidwa pakati umaoneka kuti ndi zigoba ziwiri za labala zomatidwa pamodzi, kunja kwake atakuta ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa wosakaniza ndi nayiloni. M'kati mwake amapoperamo mpweya, n'chifukwa chake mipira imagulitsidwa m'zitini zotsekedwa zolimba zomwe zimati fyuu potsegula. Chitini chikangotsegulidwa mpweya umayamba kuthawa pang'onopang'ono, ubweya umasosoka pa konkire, ndipo pakapita masabata ochepa mpirawo sudumphanso bwino.

Pa mipikisano ikuluikulu amasintha mipira pakatha magemu 7 oyamba, kenako magemu 9 alionse. Mpikisano wa Wimbledon wokha umagwiritsa ntchito mipira yoposa 50,000 m'masabata awiri, ndipo dziko lonse lapansi limapanga yoposa 300 miliyoni pa chaka. Labala ndi ubweya zimagwirana kwambiri moti kuzilekanitsa n'kovuta, choncho yambiri imathera ku mtaya, komwe imakhala zaka zambirimbiri osawola. Ulendo wake usanafike pabwalo nawonso ndi wautali. Kafukufuku wa ku Warwick Business School wa 2013 anapeza kuti zipangizo za mpira wa Wimbledon zinkayenda makilomita pafupifupi 80,000, kudutsa maiko 11, mpirawo n'kupangidwira ku Philippines. Kuti ufike ku Lusaka, mzinda wa dziko lopanda doko, pamawonjezekanso ulendo wa pamtunda kuchokera ku madoko monga Dar es Salaam, Beira kapena Durban.

Maiko ena anapeza njira zopatsira mpira wotha ntchito ina. Bungwe la tenisi la ku France linayamba mu 2009 ntchito yotchedwa Opération Balle Jaune, yotolera mipira m'makalabu, kuigaya ndi kupangira mabwalo ofewa omwe amaperekedwa ku malo osamalira odwala ndi olumala. Ku United States bungwe la RecycleBalls limachita zofananazo. Ku Wimbledon mipira yomwe yaseweredwa imagulitsidwa kwa odzaonerera, ndipo ndalama zake zimapita ku Wimbledon Foundation.

Ku Lusaka njira yapafupi ndiyo kutalikitsa moyo wa mpira. Womwe wafooka kwa osewera aluso udakali wabwino kwa mwana wongoyamba kumene, chifukwa mpira wofewa umabwera mochedwa ndipo umampatsa mpata woumenya. Ukafookeratu umapita kusukulu kukagwira ntchito pa masewero ena, ndipo potsiriza ukhoza kung'ambidwa n'kuvekedwa ku miyendo ya mipando ya m'kalasi kuti isakande simenti ndi kuchita phokoso. Pamenepa kusamala chilengedwe ndi kupereka zakhala ntchito imodzi.

Kukwera kwa mzindawu kumathandizanso. Lusaka ili pa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, komwe mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umathamanga ndi kudumpha kwambiri. Malamulo a bungwe la tenisi la dziko lonse lapansi la ITF amalola kuti pamalo okwera kupitirira mamita 1,219 agwiritse ntchito mipira yapadera, kuphatikizapo yosapopedwa mpweya. Mpira wotere umadumpha chifukwa cha kulimba kwa labala wake, ndipo umatha miyezi usanafooke. Kwa kampu yomwe imaphunzitsa ndi madengu a mipira tsiku ndi tsiku, kusankha wosapopedwa kumachepetsa ndalama ndi zinyalala nthawi imodzi.

Madzi a pansi pa mzinda

Lusaka inamangidwa pamwamba pa miyala ya laimu yomwe ili ndi ming'alu ndi mphako zosunga madzi. Gawo lalikulu la madzi a mzindawu limachokera m'zitsime zakuya zokumba ndi makina, ndipo ena amapopedwa kuchokera mu mtsinje wa Kafue, makilomita pafupifupi 50 kumwera. Ming'alu yomwe imasunga madziyo imalolanso kuti zonyansa za m'zimbudzi zokumba ndi m'mitaya zitsikire pansi mofulumira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kolera imabwererabwerera. Mliri wa 2017 mpaka 2018 unagwira anthu oposa 5,000, ndipo wa 2023 mpaka 2024 unagwira oposa 20,000 m'dziko lonse, n'kupha pafupifupi 700. Bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala, ndipo sukulu zomwe zinayenera kutsegulidwa kumayambiriro kwa Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale.

Kampu yosonkhanitsa ana ambiri ili ndi udindo woonekeratu pa nkhani imeneyi: madzi akumwa otetezedwa, zimbudzi zaukhondo ndi posamba m'manja ndi sopo. Udindo wachiwiri ndi wa kuchuluka kwa madzi omwe bwalo limamwa. Mabwalo a tenisi ali mitundu itatu. La udzu, monga a ku Wimbledon, limafuna kuthiriridwa ndi kumetedwa mosalekeza. La dothi, kaya la njerwa zogaya monga a ku Paris kapena la dothi la pachulu lomwe linkagwiritsidwa ntchito kale kummwera kwa Africa, limafuna kunyowetsedwa tsiku lililonse kuti lisachite fumbi. La konkire kapena phula lopaka utoto silifuna madzi kupatula otsukira mwa apo ndi apo. Mu mzinda womwe mvula imaleka mu Epulo n'kudzabweranso mu Novembala, bwalo lolimba ndilo loyenera, ndipo madzi ambiri omwe kalabu imawononga amathera pa kapinga wokongoletsa m'mbali.

Bwalo lolimba likhozanso kukolola madzi. Malo osewerera ndi mamita 23.77 m'litali ndi 10.97 m'lifupi, koma pamodzi ndi mpata wothamangira m'mbali zonse limafika pafupifupi mamita 36 ndi 18. Mvula ya Lusaka ndi mamilimita pafupifupi 800 pa chaka, kutanthauza kuti pabwalo limodzi pamagwa malita oposa 500,000. Madzi amenewa akasiyidwa amathamangira m'ngalande n'kukawonjezera kusefukira m'madera otsika. Akalondoleredwa mu thanki kapena m'dzenje lomwe amalowera pansi, amathirira mitengo m'chilimwe kapena kubwerera komwe zitsime zimatunga. Kuyambira 2018 malamulo a Zambia amafuna kuti zitsime zokumba ndi makina zilembetsedwe ku bungwe loona za madzi la WARMA, ndipo kalabu yomwe ikulonjeza kusamala chilengedwe iyenera kuyambira pomwepo.

Magetsi

Magetsi oposa 80 mwa 100 alionse a Zambia amachokera ku madzi. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi ngozi yogwera dziko, chinatsitsa madzi mu damu la Kariba mpaka makina amodzi okha mwa 6 a mbali ya Zambia ndiwo ankazungulira. Mu Lusaka magetsi ankazima mpaka maola 21 pa tsiku. Nthawi yotere pampu ya pachitsime imaima, furiji imafunda, ndipo nyali za pabwalo siziyaka.

Yankho la ambiri ndi jenereta ya dizilo, yomwe imadya ndalama, kufuka utsi ndi kusokosa anthu oyandikana nawo. Kampu ya ana ili ndi mwayi woti ntchito yake yonse ikhoza kuchitika masana. Kuyamba m'mamawa, kupumula dzuwa likafika paliwombo ndi kumaliza kusanade kumachotseratu kufunika kwa nyali. Zotsala, monga pampu ndi furiji, zikhoza kuyendera sola, ndipo dzuwa mu Lusaka silisowa. Kummwera kwa mzindawu kuli kale malo awiri aakulu opangira magetsi a dzuwa, Bangweulu wa mamegawati 54 ndi Ngonye wa 34, omwe anayamba ntchito mu 2019.

Nyengo imalamulanso ndondomeko ya tsiku. Kampu ya mu Ogasiti imakumana ndi mphepo ndi fumbi, ya mu Disembala imasokonezedwa ndi mvula, ndipo kutentha pa konkire kumaposa kwa pamthunzi. Kusintha kwa nyengo kwafika kale pa mabwalo a tenisi: mu Januwale 2020 utsi wa moto wolusa unaphimba mzinda wa Melbourne, ndipo Dalila Jakupović wa ku Slovenia analekeza masewero ake panjira chifukwa cha kutsokomola. Mipikisano inayi ikuluikulu ya tenisi inasaina pangano la United Nations la masewero ndi nyengo lomwe linakhazikitsidwa mu Disembala 2018.

Zinyalala ndi mitengo

Tsiku limodzi la kampu limasiya mabotolo a pulasitiki, mapepala a zakudya, zitini za mipira ndi zingwe zoduka za maraketi. Ana 50 omwe aliyense wamwa mabotolo awiri pa tsiku amasiya mabotolo 500 m'masiku asanu. Thanki imodzi ya madzi abwino ndi botolo lokhalitsa la mwana aliyense zimathetsa mulu wonsewo. Zinyalala zomwe zatoledwa mu Lusaka zimapita ku mtaya wa Chunga, koma zambiri sizitoledwa n'komwe. Zimatseka ngalande kapena kuwotchedwa kuseri kwa nyumba, ndipo utsi wa labala ndi pulasitiki ndi woipa m'chifuwa, makamaka cha mwana amene akuthamanga.

Boma linaika malamulo pa nkhaniyi. Mu 2018 linakhazikitsa lamulo loyendetsa zinyalala ndiponso linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikuloni 30. Palinso ntchito ya Manja Pamodzi, yomwe kampani ya Zambian Breweries inayambitsa mu 2015, yothandiza anthu a m'makomboni kutolera mabotolo, makatoni ndi pulasitiki n'kumagulitsa. Kampu yomwe imalekanitsa zinyalala zake n'kuzipereka kwa otolera otere imayeretsa malo ake ndi kuikanso kangachepe m'thumba la banja lina.

Mitengo imakhudza tenisi mwachindunji, chifukwa imatchinga mphepo ndi kupereka mthunzi kwa odikira nthawi yawo. Zambia imataya nkhalango zambiri chaka ndi chaka, mwa zina chifukwa cha makala omwe mabanja ambiri a mu Lusaka amaphikira, ndipo kufunika kwake kumakwera magetsi akamazima. Tsiku lobzala mitengo m'dzikoli ndi 15 Disembala, m'kati mwenimweni mwa holide ya mvula, choncho kampu ya nyengo imeneyo ikhoza kupatula m'mawa umodzi kuti ana abzale. Kubzala kokha sikokwanira. Mbande zambiri zobzalidwa pa mwambo zimauma mu Seputembala ndi Okutobala posowa wothirira. Mitengo yamizu yoyanza iyeneranso kukhala patali ndi bwalo, chifukwa mizu imang'amba konkire.

Mwambo wopereka m'masewerowa

Tenisi imadziwika ngati masewero a opeza bwino, koma ilinso ndi mbiri ya osewera omwe anayesetsa kutsegula chipata. Arthur Ashe, munthu wakuda woyamba kupambana US Open ya amuna mu 1968, anayambitsa mu 1969 pamodzi ndi anzake awiri bungwe la National Junior Tennis League lophunzitsa ana a m'madera osauka a m'mizinda ya ku United States. Mu 1970 iye ndi Stan Smith anayendera maiko a mu Africa, kuphatikizapo Zambia, akuphunzitsa achinyamata. Chaka chotsatira, ali ku Yaoundé m'dziko la Cameroon, Ashe anaona luso la mnyamata wa zaka 11, Yannick Noah, n'kuthandiza kuti akaphunzire ku France. Noah anapambana French Open mu 1983, ndipo mu 1996 naye anayambitsa bungwe la Fête le Mur lofikitsa tenisi kwa ana a m'madera osauka a ku France.

Chitsanzo chapafupi ndi cha Roger Federer, yemwe mayi ake ndi a ku South Africa. Bungwe lake, lomwe linayamba mu 2003, limagwira ntchito m'maiko a kummwera kwa Africa, kuphatikizapo Zambia ndi Malawi. Federer anafika ku Malawi mu Julaye 2015, ndipo mu Epulo 2018 anafika ku Zambia, komwe anakumana ndi Pulezidenti Edgar Lungu ku State House mu Lusaka n'kukaonanso sukulu za ku Lundazi, m'chigawo cha Kum'mawa. Pa 7 Febuluwale 2020 anasewera ndi Rafael Nadal ku Cape Town pamaso pa anthu oposa 51,000, ndipo masewerowo anapeza madola pafupifupi 3.5 miliyoni. Ndalama za bungweli sizigula maraketi. Zimapita ku maphunziro a ana aang'ono, ndipo zimadutsira m'mabungwe a m'dziko momwemo omwe amadziwa midzi ndi sukulu zake. Thandizo lochokera ku tenisi siliyenera kukhala la tenisi nthawi zonse, ndipo limayenda bwino likatsata zomwe eni dera anena kuti akusowa.

Omwe ali kale pa ntchitoyi

Lusaka ndi umodzi mwa mizinda yomwe inatsogola pogwiritsa ntchito masewero potukula achinyamata. Bungwe la EduSport, lomwe Oscar Mwaanga anayambitsa mu 1996, ndi la Sport in Action, lomwe linayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anaphunzitsa achinyamata a m'makomboni kutsogolera anzawo pa masewero kwinaku akuwaphunzitsa za HIV ndi Edzi. Mu Meyi 2010 komiti ya Olympic ya dziko lonse lapansi inatsegula Olympic Youth Development Centre m'mbali mwa msewu wa Great North, malo oyamba a ntchito yake yotchedwa Sport for Hope. Malowa ali ndi mabwalo a masewero osiyanasiyana, kuphatikizapo tenisi, ndipo ali pakati pa madera okhala anthu ambiri a kumpoto kwa mzindawu. Tenisi m'dziko lonse la Zambia imayendetsedwa ndi Zambia Tennis Association. Kampu yofuna kuthandiza siyenera kuyambira pachabe, popeza mabungwe amenewa amadziwa ana, makolo ndi atsogoleri a m'madera.

Kaphunzitsidwe katsopano kachepetsanso mtengo woyambira. Mu 2007 ITF inayambitsa ntchito ya Play and Stay, yophunzitsa ongoyamba ndi mipira yochedwa ya mitundu itatu: wofiira, womwe liwiro lake ndi lotsika ndi magawo 75 pa 100, walalanje lotsika ndi 50, ndi wobiriwira lotsika ndi 25. Kuyambira 2012 mipikisano ya ana a zaka 10 kutsika m'munsi imaseweredwa ndi mipira imeneyi. Bwalo la mpira wofiira ndi lalitali pafupifupi mamita 11 okha. Likhoza kujambulidwa ndi choko pa bwalo la netibo la sukulu ya ku Kabwata kapena ku Chelstone, ukonde wake n'kukhala chingwe chomangidwa pa mitengo iwiri, ndipo pabwalo limodzi lalikulu pamakwana timabwalo tinayi. Motero kampu ikhoza kupita komwe kuli ana m'malo modikira kuti ana afike kumayadi.

Kupereka kothandiza

Njira zomwe kampu imaperekera ndi zingapo. Yoyamba ndi malo aulere: mwa ana 10 alionse olipira, mtengo umakonzedwa moti mmodzi kapena awiri alowe osalipira. Yachiwiri ndi kutolera zida zomwe eni ake azisiya. Ana amakula msanga, ndipo raketi ya mwana wa zaka 8 imamuchepera isanathe. Mu mzinda womwe salaula ndi malonda a tsiku ndi tsiku ku msika wa Soweto ndi kwina, nsapato yovalidwapo si yachilendo kwa aliyense. Yachitatu ndi mpikisano wopezera ndalama zothandizira sukulu kapena malo osamalira ana. Yachinayi, yomwe imakhalitsa kuposa zonse, ndi kuphunzitsa achinyamata a m'deralo kuti akhale aphunzitsi, oweruza kapena oluka zingwe za maraketi, ntchito zomwe zimabweretsa ndalama.

Thandizo limalephera pa zinthu zing'onozing'ono. Mwana wopatsidwa malo aulere safika ngati alibe ndalama ya minibasi, ndipo sangathamange mpaka masana ngati wachoka kunyumba osadya. Raketi yoduka zingwe imangokhala pakhoma ngati palibe woiluka, ndipo katundu wothaitha wotumizidwa m'dzina la chifundo amangosamutsira zinyalala kwa wolandira. Kupatsa mwana raketi popanda pomwe angasewerere kuli ngati kupatsa munthu mbewu alibe munda. Atsikana amafuna chidwi chapadera, chifukwa ntchito za pakhomo ndi nkhawa za makolo pa chitetezo chawo zimawachotsa pabwalo msanga. Aphunzitsi aakazi, zimbudzi zawozawo ndi nthawi yoweruka kusanade zimathandiza kuti asasiye. Angella Okutoyi wa ku Kenya, yemwe analeredwa ndi agogo ake movutikira, anapambana mpikisano wa atsikana osewera awiriawiri ku Wimbledon mu 2022, umboni woti luso lilipo pomwe mwayi wafika.

Ulemu wa wolandira nawonso ndi gawo la thandizo. Ana olowa mwaulere asasiyanitsidwe ndi anzawo pa zovala, pa chakudya kapena pa gulu lomwe akuseweramo, ndipo zithunzi zawo zisaulutsidwe pa Facebook popanda chilolezo cha makolo. Akuluakulu onse ogwira ntchito ndi ana ayenera kukhala odziwika bwino mbiri yawo, ndipo payenera kukhala munthu yemwe mwana angakamuuze ngati wachitiridwa zosayenera.

Kuyeza lonjezo

Mawu akuti kampu imasamala chilengedwe ndi osavuta kulemba pa chikwangwani. Makolo, othandiza ndi ndalama ndi akuluakulu a sukulu akhoza kuwayeza ndi zinthu zowerengeka. Pa chilengedwe, kampu ionetse mipira yomwe inagula ndi komwe yotha inapita, malita a madzi ndi a dizilo omwe inagwiritsa ntchito, zinyalala zomwe inapereka kwa otolera, ndi mitengo yomwe idakali moyo patatha chaka, osati yomwe inabzalidwa pa tsiku la mwambo. Pa thandizo, ionetse chiwerengero cha ana omwe analowa mwaulere, madera omwe anachokera, atsikana angati mwa iwo, ndalama zomwe zinatoledwa ndi dzina la bungwe lomwe linazilandira.

Muyezo waukulu ndi wa zomwe zimachitika kampu ikatha. Masiku asanu amakwanira kuti mwana akonde masewero, koma luso limafuna zaka. Kampu yokonzedwa bwino imagwirizana ndi kalabu kapena sukulu kuti pakhale maola okhazikika sabata iliyonse pomwe ana aja angabwerere, imasiya mipira ndi maraketi m'manja mwa mphunzitsi wodziwika, ndipo imalembetsa aluso m'mipikisano ya achinyamata ya Zambia Tennis Association. Ndalama zoyendetsera zonsezi zimakhala zodalirika zikamachokera mbali zingapo: malipiro a makolo, makampani a mu mzinda, mipikisano yopezera ndalama, ndi zomwe zapulumutsidwa pa madzi, dizilo ndi mipira.